Komboni, Mowa ndi Mzimu ku Migodi ya East Rand

Aliyense wotsika ndege pa bwalo la OR Tambo amati wafika ku Joni, koma nthaka imene wapondayo ndi ya Ekurhuleni, mzinda umene unapangidwa m'chaka cha 2000 pophatikiza matauni akale a kum'mawa kwa Johannesburg monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Kempton Park. Akuluakulu amalitchulabe derali kuti East Rand. M'mbali mwa misewu yake mukuonekabe zitunda zachikasu za dothi lofukulidwa pansi, zina zikugumulidwa tsopano kuti asefenso golide wotsalira. Pansi pa nthaka imeneyi panakhetsera thukuta amuna zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique, ku Lesotho ndi kwina. M'makomboni momwe ankagona ndi momwe chiphunzitso china cha m'Baibulo chinasanduka nkhani ya malipiro, ya banja ndi ya moyo weniweni. Ndi chiphunzitso cha mtumwi Paulo, cha m'chaputala 5 cha kalata yopita kwa Agalatiya ndi chaputala 8 cha Aroma, chakuti munthu amatsogozedwa ndi chimodzi mwa ziwiri, zilakolako za thupi kapena Mzimu wa Mulungu.

Golide anapezeka ku Witwatersrand mu 1886. Chaka chotsatira tauni ya Boksburg inakhazikitsidwa, ndipo mu 1893 George Farrar anayambitsa kampani ya East Rand Proprietary Mines, yodziwika kuti ERPM, imene mgodi wake unadzazama mamita oposa 3,500. Mowa sunachedwe kutsatira. Fakitale ya Hatherley pafupi ndi Pretoria, yotsegulidwa mu 1883, inkatcheza mowa waukali wotchipa, ndipo wolemba mbiri Charles van Onselen anaonetsa kuti ena mwa eni migodi anali ndi gawo m'malonda amenewo. Nzeru yake inali yoipa koma yosavuta kumva: wantchito womwa amamaliza msanga ndalama zake, choncho amakhalitsa pa mgodi osaganiza zobwerera kwawo. Zinthu zinadzawatembenukira. Lolemba lililonse amuna ambirimbiri ankalephera kulowa pansi chifukwa cha matsire, mpaka mabwana omwewo anapempha boma la Paul Kruger kuti lichitepo kanthu. Lamulo linapangidwa mu 1896, ndipo kuyambira 1897 munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa wa m'botolo. Malondawo sanathe, anangolowa kumbuyo kwa nyumba, ndipo Boksburg inatchuka ndi magulu ogulitsa mowa mozemba.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake ulaliki wa thupi ndi Mzimu unagwira mitima kumeneko, ayenera kuyamba waona komboni mkati mwake. Chipinda chimodzi munkagona amuna makumi awiri kapena kupitirira, pa mabedi a simenti osanjikizana, mbaula ili pakati, zovala zonyowa za kumgodi zili lendelende pa waya. Zipinda ankazigawa potengera mitundu, Ashangani kwawo, Abasotho kwawo, Anyasa kwawo, ndipo mtundu uliwonse unali ndi nduna yoikidwa ndi kampani. Chakudya chinali cha chimanga, nyemba, mahewu ndi kanyama pang'ono. Mkazi ndi ana sankaloledwa. Masiku asanu ndi limodzi munthu ankakhala pansi pa nthaka, mu kutentha ndi fumbi, akulamulidwa m'chilankhulo cha kumigodi chotchedwa Chifanakalo. Tsiku la Mulungu lokha ndilo linali lake. Pabwalo pankakhala magule a mitundu, kuseri juga, kunja kwa mpanda mowa ndi akazi a m'malokeshoni. Ndipo pakona ina, amuna khumi kapena khumi ndi awiri atakhala pa mabokosi awo, mmodzi akuwerenga mokweza, ena akutsatira ndi chala.

Timagulu ta pakonati tinali ndi oyambitsa ake. Mu 1896 loya wina, Albert Weir Baker, anasiya ntchito ya makhoti n'kuyambitsa South African Compounds Mission. Usiku ankaphunzitsa kuwerenga, ndipo wotembenuka mtima ankayenera kusiya mowa ndi fodya. Amishonale a Free Methodist, amene ankagwira ntchito ku Inhambane, anaona kuti amuna a mpingo wawo onse athera ku migodi, ndiye anawatsatira n'kumanga maziko ku Germiston. Ambiri mwa alaliki oyambawa anali a chiphunzitso cha chiyero, chochokera kwa John Wesley, chonena kuti kubatizidwa kokha sikukwanira, Mzimu Woyera ayenera kugwira ntchito ina mumtima kuti mphamvu ya tchimo ithyoke. Ku Cape, m'busa Andrew Murray wa mpingo wa Dutch Reformed ankalemba mabuku a mutu womwewo. Banja la Murray ndi lodziwika ku Malawi: Andrew Charles Murray anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, ndipo William Hoppe Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 n'kuyamba kuyenda m'masutikesi a anthu opita kummwera.

Choncho Mnyasa wofika ku Boksburg kapena ku Springs sanali mlendo pa nkhaniyi. Kwawo, mishoni ya Livingstonia ndi ya Nkhoma zinkadula munthu mu mpingo chifukwa cha mowa ndi mitala, ndipo misonkhano ikuluikulu ya chitsitsimutso imene Donald Fraser anayambitsa ku Ekwendeni mu 1898 inali itaphunzitsa kale anthu kuulula machimo poyera. Chatsopano ku Joni chinali chakuti kunalibe mkulu wa mpingo wa kumudzi, kunalibe malume, kunalibe apongozi. Munthu ankatsala yekha ndi chikumbumtima chake ndi envulopu ya malipiro.

Kufikako kunalinso kovuta. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, kuphatikizapo Anyasa, chifukwa chibayo chinkawapha kwambiri m'makomboni ozizira. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, inadzayambiranso kulemba Anyasa m'zaka za m'ma 1930. Pakatipo anthu ankapitabe paokha, ulendo umene ankautcha selufu, wapansi, kugwira maganyu m'njira. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda. Atagwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley ku Southern Rhodesia, anatsikira kummwera ndi mbale wake Hanock Msokera Phiri, n'kudzapeza ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep pafupi ndi Boksburg, kumene anadzakhala kalaliki. Onse awiri anakulira m'manja mwa Livingstonia, ndipo onse awiri analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, AME, wotsogozedwa ndi anthu akuda a ku America. Bishopu William Vernon anathandiza kuti Kamuzu apite kukaphunzira ku Wilberforce, ku Ohio, mu 1925. Hanock anadzozedwa ubusa ndipo mu 1924 anabwerera kwawo kukayambitsa AME ku Kasungu. Zimene Kamuzu anadzachita atatenga dziko ndi nkhani ina, yokhala ndi mabala ake. Pano chofunika n'chakuti m'komboni ya ku East Rand, mpingo ndi sukulu ya usiku zinali khomo lenileni lotulukira, ndipo anyamata ena analipeza.

Ambiri sanalipeze. Kumudzi kunali dzina la munthu wotero: mtchona. Ankayamba ndi kuchedwetsa kalata, kenako ndalama zosiya kubwera, kenako mphekesera yakuti ali ndi mkazi ku lokeshoni ya Benoni. Mkazi wa kumudzi ankalima yekha, kulipira msonkho yekha, ana n'kukula osamudziwa bambo wawo. Mlaliki wa m'komboni akamatchula ntchito za thupi, womvera sankafunika kumasuliridwa. Ankaona njira yochokera pa windo la malipiro kupita ku shabini, kumene ndalama za mwezi wathunthu zinkasungunuka ngati mchere m'madzi. Akamva za kuyenda mwa Mzimu ankaona njira inayo: bokosi lokhoma lodzaza mabulangete ndi nsalu, njinga, makina osokera, malata a nyumba, ndi tsiku lotsika basi pa boma la kwawo anthu akululutira. Ophunzira ena amanyoza chikhristu chotere kuti chinali cha malamulo okhaokha, ndiponso kuti chinkakomera eni migodi, amene ankafuna wantchito wosaledzera ndi womvera. Mfundo yachiwiriyo ndi yoona. Koma ndi zoonanso kuti mabanja ambiri a ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay anaima chifukwa bambo wina anakana chikho chimodzi Loweruka lina, ndipo ana amene anaphunzira ndi ndalama zimenezo sangaione nkhaniyi ngati yaing'ono.

Mtsinje wina wa chiphunzitsochi unachokera ku Zion City, ku Illinois, kwa John Alexander Dowie. Iye ankaletsa mowa, fodya, nyama ya nkhumba, ngakhale mankhwala a kuchipatala, ponena kuti wochiritsa ndi Mulungu yekha. Mmishonale wa Dutch Reformed ku Wakkerstroom, Pieter le Roux, yemwe anali wophunzira wa Andrew Murray, anatsatira chiphunzitsochi pamodzi ndi Azulu a mpingo wake, ndipo mu 1904 nthumwi ya Dowie, Daniel Bryant, inawabatiza mu mtsinje. Mu 1908 John G. Lake ndi Thomas Hezmalhalch anafika ku Johannesburg ndi uthenga wa Chipentekoste, wa ubatizo wa Mzimu Woyera ndi kulankhula malilime, ndipo panabadwa Apostolic Faith Mission. Patapita zaka zochepa, mnyamata wa kumpoto kwa Transvaal wogwira ntchito ku Boksburg, Engenas Lekganyane, analowa m'gulu limeneli. Atadutsa m'mipingo ya Elias Mahlangu ndi Edward Lion, anadzaimika Zion Christian Church, umene lero ndi mpingo waukulu koposa mwa mipingo yoyambitsidwa ndi anthu akuda kummwera kwa Africa. Mwamuna wa mpingowu wovala baji ya nyenyezi kapena ya nkhunda pachifuwa amadziwika mu takisi ya ku Tembisa kuti samwa, sasuta, sadya nkhumba, ndipo mabwana ambiri akhala akufuna anthu otere pa ntchito za ulonda ndi zoyendetsa galimoto.

Mipingo ya Ziyoni ndi ya Apostoli inabweretsa chinthu chimene amishonale akale ankachizengereza. Inkalimbana ndi zilakolako za thupi, koma thupi lenilenilo, la mnofu ndi mafupa, inkalisamala. Ankasanjika manja, kupempherera madzi, kusambitsa odwala, kuvina mozungulira mpaka thukuta kamukamu. Ku Katlehong, mpingo wa St John's Apostolic Faith Mission, wa yunifolomu ya buluu ndi yoyera, umene unayambitsidwa ndi Christinah Nku ndipo nthambi yake ina inatsogozedwa ndi Petros Masango, unkasonkhanitsa makamu ofuna machiritso. Zinali zomveka, poti matupi a anthuwa ndiwo ankalipira mtengo wa golide. Fumbi la miyala linkalowa m'mapapo n'kuwaumitsa, chifuwa chachikulu n'kutsatira, ndipo munthu akayamba kutsokomola ankapatsidwa kandalama kochepa n'kubwezedwa kwawo kukafera kumudzi. Mlandu wa matendawa unadzathetsedwa mochedwa kwambiri: mu 2019 khoti linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust likulipira anthu akale a m'migodi, kuphatikizapo a ku Malawi, ambiri atamwalira kale. Paulo, potchula ntchito za thupi, sanaiwale kupembedza mafano, ndipo m'makalata ena amati umbombo ndi fano. Maulaliki ochepa a m'komboni ndiwo ankaloza chala ku umbombo wa eni migodi. Anthu obwerera kwawo ndiwo anatengera mipingo ya Ziyoni, ya Apostoli ndi ya Chipentekoste m'midzi ya Nyasaland, nthawi zambiri mmishonale wachizungu asanafikeko n'komwe.

Pa nkhani ya mowa, boma la azungu linali ndi nkhope ziwiri. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 makhonsolo a ku Rand anatsegula mabiyaholo awo, kutengera zimene Durban inayamba mu 1908, ndipo phindu lake ndilo linkayendetsera malokeshoni. Mayi wofulula kunyumba ankamangidwa, khonsolo ikugulitsa mowa womwewo pa mphambano. Amayi ambiri Achisotho anadzaza ku Benoni m'zaka zimenezo, ena othawa njala, ena osiyidwa ndi amuna, ndipo migolo ya mowa wa skokiaan ankaikwirira pansi kuopa apolisi. Pa guwa amayiwa ankatchulidwa ngati chitsanzo cha thupi. Kunena chilungamo, ambiri a iwo ankangofuna lendi ndi fizi ya ana mu mzinda umene sunkawalola ntchito ina. Malokeshoni akale ataphwasulidwa, anthu anasamutsidwira ku KwaThema, Daveyton, Tembisa ndi Vosloorus, matauni omangidwa pakati pa 1951 ndi 1963, biyaholo inasamuka nawo. Mu 1962 lamulo loletsa anthu akuda mowa wa m'botolo linachotsedwa. Pa zipolowe za 1976 ana asukulu anatentha mabiyaholo ndi mabotolositolo, akunena kuti ndi momwe abambo awo ankagonekedwera tulo. Anawo sankalalikira Agalatiya, koma ankaona chimene alaliki anaona.

Nthawi ya Wenela inatha mwadzidzidzi. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, akunyamulidwa pa ndege mpaka ku Francistown, kenako pa sitima. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu, yemwe anayamba wakhala m'komboni ya ku Boksburg, analetsa kulemba anthu. Mu 1977 ntchito inayambiranso pansi pa dzina la Teba, ndi anthu ochepa, ndipo mu 1988 inatheratu pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka HIV.

Uthenga wa Mzimu unapitiriza kuyenda njira yomweyo popanda Wenela. Mlaliki wa ku Germany, Reinhard Bonnke, anamanga likulu la bungwe lake la Christ for all Nations ku Witfield, ku Boksburg, ndipo tenti yake yaikulu, yokwana anthu oposa 30,000, inayesedwa koyamba ku KwaThema isanang'ambidwe ndi mphepo ku Cape Town mu 1984. Mu 1986 anachititsa msonkhano waukulu ku Blantyre. Anapeza nthaka yolimidwa kale, chifukwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anyamata ndi atsikana obadwa mwatsopano ankalalikira m'misika ndi m'madepoti a mumzindawo, kudzudzula mowa, chiwerewere, zithumwa ndi ufiti. Mawu akuti “zakuthupi” ndi “zauzimu”, amene lero amamveka m'mafelosipi kuyambira ku Ndirande mpaka ku Area 25, anazika mizu m'nyengo imeneyo.

Komabe mndandanda wa Paulo suthera pa kuledzera ndi dama. Pafupifupi theka lake ndi machimo a pakati pa anthu: udani, ndewu, kaduka, kupsa mtima, magawano. East Rand inaphunzira mbali imeneyi ndi magazi. Mu Julayi 1985, pa maliro a anyamata ku Duduza, khamu linagwira munthu amene ankamuganizira kuti ndi kazitape wa apolisi, n'kutentha galimoto yake, ndipo linkafuna kumuponya pamoto pomwepo. Bishopu Desmond Tutu, amene anayambira utumiki wake pa tchalitchi cha St Alban's ku Benoni kenako ku Thokoza, analowa pakati pa khamulo pamodzi ndi Bishopu Simeon Nkoane wa ku KwaThema, n'kumulanditsa munthuyo. Pa 20 Julayi, ku Duduza komweko, panalibe womulanditsa Maki Skosana, amene nayenso ankamuganizira kuti ndi kazitape. Anamenyedwa ndi kutenthedwa makamera akujambula, ndipo patapita zaka komiti ya Truth and Reconciliation inamva umboni wakuti sanali kazitape. Patangopita masiku atatu, pa maliro ena ku KwaThema, Tutu anauza anthu zikwi kuti zoterezi zikapitirira adzatenga banja lake n'kuchoka m'dzikomo. Ankalankhula kwa anthu oponderezedwa, amene mkwiyo wawo unali ndi zifukwa zomveka, ndipo iye mwini ankadana ndi tsankho ndi mtima wonse. Kudziletsa kumene ankapempha tsiku limenelo kunali kovuta kuposa kusiya botolo.

Pakati pa 1990 ndi 1994, ku Thokoza, Katlehong ndi Vosloorus, nkhondo ya pakati pa okhala m'mahositelo ndi okhala m'malokeshoni, ya zipani za Inkatha ndi ANC, apolisi akusonkhezera, inapha anthu zikwi. Msewu wa Khumalo ku Thokoza unasanduka malire osawoloka. Mahositelo amenewo anali ana a komboni yakale ija, amuna okhaokha, ogawidwa potengera mtundu. Mbali zonse ziwiri zinali ndi anthu obatizidwa.

Mu Meyi 2008 moto unafika pa alendo. Zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kufalikira ku East Rand, ndipo pa 18 Meyi, ku Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park ku Boksburg, Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo. M'dziko lonse anthu 62 anaphedwa. Amalawi, Amozambiki ndi Azimbabwe anathawira ku mapolisi, ku holo ya mzinda ya Germiston ndi m'matchalitchi, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Akhristu ena a m'malokeshoni anabisa anansi awo m'nyumba, ena anaphika ndi kunyamula mabulangete kupita nawo kumisasa. Ena anaima chete, ndipo ena anagula katundu wofunkhidwa. Mpingo umene unatha zaka zana ukuphunzitsa munthu kuopa chikho unapezeka kuti sunamuphunzitse mokwanira kuopa kudana ndi mlendo.

Chaka chomwecho ERPM inasiya kukumba pansi. Amalawi a ku Ekurhuleni lero salowa m'komboni. Amabwera pa basi kudzera pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, amuna ndi akazi omwe, n'kukagwira ntchito m'mayadi, m'nyumba, m'mashopu ndi m'mafakitale a ku Germiston ndi Kempton Park, ambiri opanda mapepala okwanira. Tsiku la Mulungu amasonkhana m'makalasi obwereka, m'magalaja ndi m'matenti, a CCAP, a Assemblies of God, a Ziyoni ndi a mafelosipi ang'onoang'ono, n'kuimba m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ulaliki wake ukadali wa mkazi wosiyidwa kumudzi, wa ndalama zimene zimayenera kupita pa Mukuru koma zathera ku tavern, wa kubetcha pa foni. Magulu omwewa ndiwo amasonkha ndalama zotumizira maliro kwawo, ntchito yodula imene munthu mmodzi sangaithe.

Pabwera funso lina limene alaliki a m'komboni sanakumane nalo. Aneneri ena amalalikira kuti chizindikiro cha Mzimu ndi galimoto, nyumba ndi mapepala otuluka msanga, ndipo amagulitsa mafuta, madzi ndi mwayi woonana nawo paokha. Nkhaniyi inakula mpaka bungwe la boma loona za zipembedzo ndi zikhalidwe, CRL Rights Commission, linafufuza za malonda a m'mipingo kuyambira 2015 n'kutulutsa lipoti mu 2017, lopempha kuti abusa azilembetsedwa ndi kuyang'aniridwa. Mipingo yambiri inakana, poopa kuti boma lilowerera za guwa. Pakati pa Amalawi a ku Tembisa ndi ku Daveyton mkanganowu ulipo ndithu. Wina amati Mulungu safuna mwana wake avutike m'dziko la eni, ndiye kupereka mbewu kwa mneneri ndi chikhulupiriro. Mnzake amayankha kuti mayi wogwira ntchito ya m'nyumba akapereka theka la malipiro ake pogula botolo la mafuta, ana ake ku Mangochi agona ndi njala chimodzimodzi ngati ndalamazo zikanathera ku shabini, ndipo kuti wolandira ndalamayo ndiye woyamba kufunsidwa ngati akuyenda mwa thupi kapena mwa Mzimu.